Kamela Yodziwa Diso la Mbalame, Yosadziwa Diso la Ambuya

Cinali Ciwelu, cikwati cili mkati mu holo ina ku Chawama. Malaiti anapita ca m'ma 19 hours, monga mwa masiku onse a caka cija ca 2024, ndipo kajeneleta ka eni holo kanakwanitsa cabe kuliza masipika na kuyatsa mababu atatu. Palibe anadandaula. Mwana wa mu komboni saleka kuvina cifukwa ca mdima. Ine n'nali pa nchito, m'manja muli kamela ya mirrorless yogwilapo kale nchito, imene n'nagula n'tasunga ndalama caka cathunthu.

Ndiyeno ambuya a mkwatibwi anaimilila. Anali atabwela pa basi kucokela ku Petauke, thupi lotopa, ndipo tsiku lonse anali cete pa mpando. Koma nyimbo ya kwawo italila, anamanga citenge m'ciuno, n'kuyenda pang'ono-pang'ono mpaka pamene panali mdzukulu wawo. Anamugwila masaya na manja onse awili, n'kuseka. Zonse zinatenga mwina masekondi anayi. N'nadina batani, kamela inalila kambili-mbili, mtima wanga unakhala m'malo.

Usiku n'tatsegula pa kompyuta, n'napeza zithunzi 14. Pa zonsezo ambuya ni nkhungu cabe. Cimene cinatuluka bwino, mpaka mano kuwelengeka, ni nkhope ya wandale wina yodindidwa pa citenge ca kampeni ca mayi amene anali kumbuyo kwawo atanyamula mbale. Kamela inafuna nkhope, inapeza yowala komanso yosagwedezeka, n'kugamula kuti munthu ni ameneyu.

Patapita miyezi itatu ambuya anamwalila. Amake a mkwatibwi ananitumila foni. "Mwananga, tumizako cija cithunzi ca amayi pomugwila mwana, tifuna ticiike pa pulogilamu ya malilo." N'nayankha kuti, "Amayi, pepani, sicinatuluke bwino." Anakhala cete pang'ono, n'kunena kuti zikomo. Madzi akatayika saoleka.

Sinilemba izi kuti munimvele cisoni, ndipo dzina la kamela yanga silifunika, cifukwa anzanga amene agwila makamela a mitundu ina ali na nkhani zawo zofanana na iyi. Nilemba cifukwa natopa na nyimbo imene tiimbilidwa pa YouTube na m'zotsatsa malonda, yakuti nkhani ya autofocus inatha kale, kamela ya masiku ano siphonya, iwe ungoloza na kudina. Siphonya kuti? Pa kuwala kotani? Pa nkhope ya ndani? Mfundo yanga ni imodzi: autofocus ya makamela a mirrorless yapitadi patsogolo, koma yatenga mseu umene sudutsa mu komboni. Yaphunzila mbalame, ndeke na sitima, pamene munthu wakuda m'cipinda ca mababu atatu akali kuisokoneza. Ndipo ngati ife tipitiliza kukhala cete, kudziimba mlandu tekha na kukongola ndalama zogulila kamela ina, palibe cidzasintha.

Tiyambe na mmene cinthuci cigwilila nchito, cifukwa munthu sungatsutse cimene sucidziwa. Kamela ili na njila ziwili zopezela fokasi. Yoyamba ni contrast detection. Kamela isuntha magalasi a mu lenzi kutsogolo na kumbuyo, uku iyang'ana pamene malile a zakuda na zoyela aoneka akuthwa kwambili. Ili ngati munthu wosaka siteshoni pa wailesi yakale: apitilila, abwelela, apitililanso pang'ono, mpaka mau amveke. Ikapeza ipeza ndendende, koma icedwa, ndipo mukaona cithunzi cipuma-puma mu vidiyo, kawili-kawili ni iyo. Yaciwili ni phase detection. Apa kamela iyelekezela kuwala kolowela mbali imodzi ya lenzi na kolowela mbali ina. Ziwilizi zikasiyana, idziwa nthawi yomweyo kumene iyenela kusunthila magalasi komanso mtunda wake. Iyi ndiyo ya liwilo.

Phase detection si yacilendo. Minolta 7000 ya mu 1985 inali nayo kale. Makamela a DSLR, aja okhala na kalilole mkati, anali na kacipangizo kapadela pansi pa kalilole kogwila nchito imeneyi yokha. Mirrorless inacotsa kalilole, ndipo kacipangizo kaja kanacokela pamodzi. Panasonic G1 ya mu 2008, imene inatsegula njila ya makamela amenewa, inali kudalila contrast detection cabe, n'cifukwa cake kwa zaka zingapo ojambula mpila anali kuiseka mirrorless. Kenako akatswili anaika phase detection pa sensa yeniyeni imene ijambula cithunzi: Nikon 1 mu 2011, Dual Pixel ya Canon mu 2013, Sony a9 mu 2017 na madontho a fokasi 693. Panasonic inaumilila njila ya contrast mpaka mu 2023, pamene inatulutsa S5 II.

Poyamika niyamike. Lelo madontho a fokasi afika pafupi-fupi m'mbali zonse za cithunzi, osati pakati pokha. Vuto lakale la DSLR, lakuti fokasi igwela pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo kwa munthu cifukwa kacipangizo kaja na sensa sizinagwilizane, linacepa kwambili. Masana panja, mwana athamange kubwela kuli iwe, kamela imugwila diso osalitaya. Naziona na maso anga. Amene akamba kuti DSLR inali bwino pa zonse akambila cikondi ca zakale. Koma nchito yathu yambili siicitika masana panja.

Ganizilani kumene wojambula wa ku Matero, ku Kanyama kapena ku Mtendere apezela ndalama. Ni pa kicheni pate mu tenti dzuwa litalowa. Ni pa cilanga mulilo m'nyumba ya mawindo ang'ono. Ni pa ovanaiti ku chalichi, pa malilo, pa vidiyo ya woimba wacinyamata kuseli kwa bala usiku. Onjezelani cilala ca mu 2024 cimene cinatsitsa madzi ku Kariba n'kutisiya maola ambili tsiku lililonse opanda malaiti. Ofesi yathu ni mdima. Koma phase detection idya kuwala. Tumadontho twa pa sensa ni tung'ono, ndipo kuwala kukacepa, zimene kamela iwelenga zidzala mcenga, mbali ziwili zija sizisiyanitsikanso bwino, lenzi iyamba kusakasaka. Pamene iyo isakasaka, ambuya akhala pansi.

Opanga makamela adzakuuzani kuti yawo ifokasa pa mdima wakuti munthu saona cala cake. Welengani tumalemba tung'ono twa pansi. Canon EOS R6, imene ni kamela yabwino ndithu, inalembedwa kuti ifokasa mpaka pa -6.5 EV, kutanthauza mdima waukulu. Koma nambala imeneyo anaipima na lenzi ya f/1.2. Sikuti ananama, ndipo si okha. Makampani akulu-akulu apima na malenzi olowetsa kuwala kwambili, a f/1.2 kapena f/2. Nanga ndani mu komboni ali na f/1.2? Ambili tili na lenzi imene inabwela na kamela, ija yakuti ukakokela cinthu pafupi itseka mpaka f/5.6. Kuwala kolowa pa f/1.2 kuposa kolowa pa f/5.6 maulendo opitilila 20. Ndiye kuti nambala ya pa bokosi ni ya kamela ina, osati imene ili m'manja mwako. Zili ngati kugulitsa njinga n'kumauza wogula liwilo lake la potsetseleka.

Wocenjela agula 50mm f/1.8, lenzi yochipa imene yapulumutsa ambili. Kuwala kulowa, kamela iyamba kuona. Koma apa pabuka cina. Lenzi ikatsegulidwa conco, malo amene atuluka akuthwa acepa. Pa kamela ya sensa ya APS-C, munthu ataima mamita awili kucokela kuli iwe, malowo ni masentimita pafupi-fupi 12. Pa 85mm f/1.8 ya full frame ni masentimita 6. Fokasi ikagwela pa phewa, pa mfundo ya duku kapena pa maikolofoni, nkhope yapita. Lenzi imene ithandiza kamela kuona mu mdima ni yomweyo imene siikhululuka kamela ikaphonya.

Palinso zina zimene mirrorless inatilanda mwakacetecete. Amene anagwilapo DSLR akumbukila kuwala kofiila kwa mizele-mizele kumene flash inali kuponya pa munthu usanajambule. Kuwalako kunali kupatsa kamela pogwila ngakhale mu mdima wa ndiwe yani. Pa makamela ambili a mirrorless kuwala kumeneko sikugwilanso nchito. M'malo mwake kali kababu kang'ono pa kamela, kosafika patali, kamene lenzi yaikulu kapena dzanja lako lichinga. Cinanso, DSLR ngakhale yochipa inali na dontho la pakati la cross-type, loona mizele yoimilila na yopingasa yomwe. Madontho a pa sensa za mirrorless zambili aona mbali imodzi cabe. Mualozetse pa cinthu ca mizele yopingasa yokha-yokha, monga magalasi a windo la malouva, mudzaona kamela idodoma. Olympus inali na cross-type pa sensa mu E-M1 Mark II ya mu 2016. Canon inaibweletsa mu 2024 pa EOS R1, kamela yake yapamwamba ya ojambula masewela na nyuzi. Cinthu cimene wophunzila anali naco pa DSLR yoyambila cabwelanso ngati ca mabwana.

Manje tifike pa cimene cinanidyela ambuya. Ca m'ma 2019 makamela a mirrorless anafika potsatila diso la munthu woyenda mosalekeza, ndipo kucokela apo mpikisano wakhala wa mndandanda wa zimene kamela izindikila. Sony a7R V ya mu 2022 izindikila anthu, nyama, mbalame, tuzilombo, mamotoka, sitima na ndeke. Nikon Z9 ya mu 2021 nayo ili na mndandanda wake wautali. Mlendo wokaona nyama ku South Luangwa angagwile diso la kambalame kali pa nthambi kutsidya kwa mtsinje. Zabwino, sitimucitila nsanje. Koma kuzindikila si kumvetsa. Kamela inaonetsedwa zithunzi miyanda-miyanda n'kuuzidwa kuti iyi ni nkhope, iyo n'kusunga maonekedwe. Siidziwa kuti pa anthu 40 amene ali patsogolo pake, mmodzi anayenda ulendo wautali wa pa basi ndipo sadzavinanso. Isankha nkhope yapafupi, yaikulu kapena yowala. Kwa iyo wandale wa pa citenge na ambuya ni cimodzi-modzi, ndipo wa pa citenge apambana cifukwa saphethila. Pitani nayo ku Kulamba ku Mkaika mu August, kumene fumbi likwela mpaka kumwamba ndipo cilombo ca Gule Wamkulu cilibe nkhope imene kamela inaphunzila, muone ngati nzelu zake zidzakuthandizani.

Funso limene tiyenela kufunsa mokweza ni ili: zithunzi zimene kamela inaphunzilapo zinali za anthu otani? Pa bokosi palibe polembedwa, ndipo mbili yakale itipatsa cifukwa cofunsila. Kuyambila m'ma 1950, malo otsukila zithunzi anali kulinganiza mitundu poyang'ana khadi la Kodak lochedwa Shirley, pamene panali mkazi wa khungu loyela. Khadi lokhala na akazi a makungu osiyana-siyana linabwela m'ma 1990. Wofufuza wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti madandaulo amene anakankha Kodak kukonza mmene filimu ionetsela zinthu zakuda na zofiilila anacokela kwa opanga chokoleti na mipando ya matabwa. Chokoleti inamveka msanga kuposa anthu. Mu 2009 vidiyo ina inafala pa intaneti yoonetsa kamela ya kompyuta ya HP itsatila nkhope ya mkazi woyela koma ilephela kutsatila mnzake wakuda. Mu 2018 Joy Buolamwini na Timnit Gebru anapima mapulogilamu a makampani atatu ozindikila ngati nkhope ni ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyela kulakwitsa sikunapitilile 0.8 pelesenti. Pa akazi akuda kunafika 34.7 pelesenti. Kafukufukuyo sanali wa autofocus, nikambe poyela. Koma mtundu wa nzelu ni womwewo: makina adziwa nkhope zimene anaonetsedwa kwambili.

Wina adzati nkhani ni ya cilengedwe cabe. Khungu lakuda libweza kuwala kocepa kuposa loyela, conco m'cipinda ca mdima diso na tsaya zioneka zofanana kwa sensa, pamene dilesi loyela la mkwatibwi na kolala ya shati zifuula. N'zoona. Koma cilengedwe comweco cikambanso kuti mbalame youluka pakati pa nthambi ni yovuta kuigwila, ndipo makampani anatayapo ndalama na zaka mpaka anaigwila, cifukwa ogula awo anali kuifuna. Cimene cipimidwa ndiye cikonzedwa. Umboni uli m'thumba mwanu. Transsion, kampani ya ku Shenzhen imene ipanga Tecno, itel na Infinix, inakonza makamela a mafoni ake kuti azionetsa bwino khungu lakuda, cifukwa msika wake waukulu ni Africa. Google inabweletsa Real Tone pa Pixel 6 mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwilitsila nchito sikelo ya mitundu 10 ya khungu imene inakonzedwa na Ellis Monk wa ku Harvard. Izi zikhudza kwambili kuwala na mtundu wa cithunzi, koma zionetsa cinthu cimodzi: pamene kampani ifuna ndalama zathu, nkhope yathu iphunzilika.

Nanga n'cifukwa ciani opanga makamela akulu satiwelengela? Cifukwa m'mabuku awo a malonda sitionekamo. Kamela ya mu komboni inagulidwa yatsopano na munthu wina ku London, ku Dubai kapena ku Johannesburg, n'kufika kwa ife pa Facebook patapita zaka zisanu. Amene aipima pa YouTube aima mu situdiyo yodzala magetsi, n'kuyenda kutsogolo na kumbuyo, kabokosi kobiliwila kali pa diso lake, n'kulengeza kuti yapambana. Kulephela kwake kucitikila kuno, usiku, pamaso pa kasitomala, ndipo palibe acilemba. Wojambula angofufuta zithunzi zoipazo mwamanyazi n'kuganiza kuti vuto ni iye.

Akulu-akulu a nchito ino, aja anayamba na filimu, adzaniseka. Adzati, "Ife tinali kufokasa na dzanja, filimu ya zithunzi 36, osataya olo cimodzi. Ana a lelo ni ulesi." Theka la mau awo nilivomela. Tsiku lija ku Chawama n'nalakwa ine. N'nasiya kamela isankhe yokha nkhope pa cithunzi conse. N'kanaika dontho limodzi pa ambuya, mwina n'kanapulumutsako ziwili. Koma theka linalo nilikana. Iwo anali kujambula anthu oimikidwa, a manja m'mbali, na flash komanso lenzi yotseka pa f/8 pamene pafupi-fupi zonse zituluka zakuthwa, cithunzi n'kutsukidwa cacing'ono ngati cikhatho. Kasitomala wa lelo afuna vidiyo, afuna kumbuyo kosungunuka, ndipo cithunzi cikafika pa foni acikuza na zala mpaka aone nsidze. Malenzi ambili a mirrorless alibenso manambala a mtunda, ndipo mphete yake yofokasila siigwila magalasi mwacindunji, ituma cabe uthenga ku kamota. Anaticotsela zida za dzanja potilonjeza kuti makina adzacita. Amene wagulitsa cinthu na lonjezo, tiyenela kumufunsa za lonjezolo.

Kwa imwe anzanga acinyamata, mau anga ni awa: musapite kwa a kaloba cifukwa ca kabokosi kobiliwila. Kamela yatsopano siyatsa malaiti mu holo. Naona anyamata agulitsa kamela yabwino, n'kuonjezela nkhongole, kuti agule ina imene kusiyana kwake kwakukulu ni kuzindikila ndeke. Kodi mu Kanyama muli makasitomala angati ofuna cithunzi ca ndeke? Nkhongole ikula mwezi na mwezi, mdima ukali womwewo.

Ciyembekezo cilipo, ndipo si maloto, cifukwa zonse zimene nipempha zilipo kale kwinakwake. Coyamba, kamela iziyesa mtunda na kuwala kwake. LiDAR iponya kuwala kosaoneka na maso n'kuwelenga nthawi imene kwatenga kubwelela. iPhone 12 Pro ya mu 2020 inaigwilitsila nchito pothandiza fokasi mu mdima, ndipo DJI Ronin 4D ya mu 2021 inaibweletsa kwa opanga mafilimu. Siifika patali, ni mamita ocepa cabe, koma pakati pa ine na ambuya panalinso mamita ocepa. Ngati ikwana mu foni, ingakwane pa kamela kapena pa flash, n'kulowa m'malo mwa kuwala kofiila kuja. Caciwili, cross-type itsike kucoka pa makamela a mabwana ifike pa oyambila, kumene inali kale pa DSLR.

Cacitatu, kamela izimvela mwini wake za munthu wofunika. Njila yolembetsa nkhope kuti kamela iziyamba yafuna munthu ameneyo ilipo. Sony yakhala nayo kwa zaka, ndipo Canon inaiika pa EOS R5 Mark II na R1. Tifuna ikhale yosavuta, yakuti m'mawa wa cikwati ujambula mkwatibwi, mkwati na makolo, basi, ndipo izigwila nchito dzuwa litalowa. Cacinayi, makamela akale asaiwalike. Mu 2019 Nikon inapatsa Z6 na Z7 luso lotsatila diso kudzela mu firmware yaulele, popanda munthu kugula kamela ina. Si zonse zingatheke conco, cifukwa ubongo wa kamela yakale uli na malile. Koma zimene zingatheke zisasungidwe dala kuti zikagulitse kamela ya caka camawa. Kuno kamela ya zaka zisanu ndiye yatsopano. Cacisanu, ndipo ici sicifuna katswili aliyense, atiuze zoona. Alembe pa bokosi mdima umene kamela ifika na lenzi yake ya f/5.6. Apime kutsatila diso pa makungu onse, woyela mpaka wakuda bii, pa kuwala kocepa, n'kutulutsa manambala. Sikelo ilipo kale.

Pamene tiyembekezela, pali nchito Ciwelu cikubwelaci. Zimene n'naphunzila mowawa nikupatsani mahala. Kukayamba kuda, cotsani kamela pa kusankha yokha, muike pa dontho limodzi kapena kadela kang'ono kamene imwe muyendetsa. Ikani batani limodzi lozimila na kuyatsila kuzindikila nkhope, kuti musalowe mu menu pamene ng'oma yalila. Nkhope ikakana, fokasani pa cinthu ca malile oonekela cimene cili pa mtunda wofanana, monga kolala kapena mkanda. Musamatsegule lenzi mpaka f/1.8 nthawi zonse, f/2.8 ipatsa mpata wolakwitsa. Nyamulani kagetsi ka LED kochaja, olo kang'ono, kadzakuthandizani kuposa kamela ya mtengo wowilikiza. Phunzilani focus peaking masana, kuti usiku dzanja lidziwe. Onani ngati firmware ya kamela yanu ni yatsopano. Koposa zonse, funsani eni mwambo musanayambe: ndani wacokela kutali, ndani adwala, ndani adzapeleka mau? Mukadziwa pamene cinthu cidzacitikila, fokasani pamenepo cisanacitike. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kulibe mu menu.

Koma tisathele pa kudzikonza tekha, cifukwa ndiye cimene catisunga cete. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Pogula kamela, musaiyesele mu shopu yowala. Pemphani kuiyesa madzulo, pa nkhope ya mnzanu, m'cipinda ca babu limodzi, na lenzi imene mudzagwilitsila nchito. Zithunzi zimene kamela yaphonya musazifufute zonse. Sungani zina, pemphani cilolezo kwa eni nkhope, mulembe lenzi, kuwala na mmene munaichelela, muziike poyela pamene opanga na opima makamela aona. Ife tili na mafoni, tili na masamba pa intaneti, tili na maholo a mdima oculuka kuposa situdiyo iliyonse. Palibe cotiletsa kukhala opima makamela a dziko lathu, m'cinenelo cathu. Wojambula wa ku Lusaka akakamba yekha ni dandaulo. Akakamba pamodzi na wa ku Lilongwe, wa ku Lagos na wa ku Nairobi, ni msika, ndipo msika umveka.

Pa pulogilamu ya malilo anaika cithunzi ca pa NRC, ca ambuya akali mtsikana, osaseka, cidindo cili pa phewa. Zija 14 nikali nazo. Nikapita pa nchito manje nifika msanga, nifunsa amene ali wamkulu pa onse, ndipo nimujambula dzuwa lisanalowe. Kamela niikonda ndipo sinibwelela ku DSLR. Koma tsiku limene wina adzaniuza kuti autofocus yafika pa mapeto, nidzamutenga kupita naye ku Chawama malaiti atapita, nimuonetse nkhalamba ili pa mpando wa kumbuyo, nimuuze kuti ajambule.